Mawayilesi akufa a malume anu, musawasandutse njovu

Achimwene ena a ku Santhe andilembera imelo. Akuti malume awo, omwe ankakonza mawayilesi pamsika, anamwalira n'kusiya matumba atatu a mawayilesi akufa, mafoni amabatani ndi ma TV awiri achikale aja amsana waukulu. Akufunsa kuti: "Ndingapange nazo chiyani choti anthu achione ngati luso, osati zinyalala?"

Pepani ndi maliro, achimwene. Koma chonde musathamangire kulumikiza mawaya kuti mupange njovu kapena galimoto. Zimenezo n'zokongola, inde, koma wayilesi ikasanduka chitamba yataya mbiri yake yonse. Luso limene mukufunsali limayambira pa funso lakuti chinthuchi chinali chiyani kwa mwini wake.

Mwachitsanzo, katswiri wa luso Nam June Paik wa ku Korea, mu 1974, anakhazika fano la Buddha kutsogolo kwa TV ndi kamera, fanolo n'kumadzionera lokha pa TV. Sanaseme kanthu. Anangoika zinthu malo oyenera, anthu n'kuyamba kuganiza. Ku Kenya, Cyrus Kabiru amapanga magalasi ovala kumaso ndi zinthu zotola m'misewu ya Nairobi.

Nanga ife a ku Kasungu? Taganizani: mawayilesi ambiri m'matumbamo anagulidwa ndi ndalama za fodya. Bambo akachokera ku okushoni ankafika pakhomo wayilesi ili paphewa, mudzi wonse n'kudziwa kuti chaka chino zayenda. Ndiye ine ndikanakhala inu, ndikanamanga kachigafa kakang'ono, n'kusoka mafoni ndi mawayilesiwo ngati masamba a fodya, n'kuwapachika pamikangala. Mlimi aliyense wolowa mmenemo sadzafuna womufotokozera. Adzaona thukuta la zaka zambiri likulendewera, lili duu. Wayilesi imodzi yokha, ngati ingatheke kukonzedwa, muisiye izilira chapansipansi pakona.

Ena adzakukumbutsani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotayidwa. Iye ankafuna kuti babu liyake. Inu mukufuna kuti munthu aime kaye n'kukumbukira. Ntchito ziwirizi n'zosiyana.

Ma TV awo muwasamale. Galasi lake lili ndi mtovu, ndipo mkati mumatha kutsalira magetsi ngakhale mutazula pulagi, choncho musawaswe kapena kupisamo dzanja. Musawotche mawaya pofuna kopa, utsi wake ndi poizoni. Mabatire otupa a m'mafoni muwachotse musanapachike, ndipo ana asaseweretse.

Komanso fufuzani bwino m'matumbamo. Amisiri ambiri amamata kapepala ka dzina la mwini pa wayilesi iliyonse. Mukapeza timapepala tolembedwa ndi dzanja la malume anu, musatichotse.