Masiku anayi ku Rome musawadzaze mpaka pakamwa

Achemwali, mwati inu ndi bambo a kunyumba muli ndi masiku anayi ku Rome ndiye mukufuna kudziwa zoti mukaone komanso kodyera kosaboola thumba. Ine ndinapitako kawiri kuchokera kuno ku Leeds. Choyamba ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi yambani za viza ya Schengen pompano, mapepala a ku UK sakulowetsani ku Italy.

Malo oti mubukitsiretu pa intaneti musananyamuke ndi awiri basi, Colosseum ndi Vatican Museums, tsiku lakelake aliyense. Tikiti ya Colosseum imakulowetsaninso ku Roman Forum ndi Palatine Hill, mabwinja a mzinda wakale wa Aroma, ndipo imakhala ndi dzina lanu, ndiye pasipoti isatsale ku hotela. Chinyumba cha Colosseum, chibwalo chakale cha masewera omenyana, anachitsegulira m'chaka cha 80 AD, mukaima m'kati muja n'kuyang'ana pansi pomwe ankasungira zilombo mumangoti kakasi. Pitani m'mamawa chifukwa ku Forum mthunzi ndi wosowa.

Ku Vatican musalimbane ndi kuona chilichonse, miyendo ikukanikani musanafike ku Sistine Chapel komwe Michelangelo anajambula kudenga kuyambira 1508 mpaka 1512. M'menemo salola kujambula ndipo alonda amangokhalira kuuza anthu kuti akhale chete, khosi limawawa koma simufuna kutuluka. Ku Vatican Museums Lamulungu amatseka kupatula lomaliza la mwezi pomwe amalowetsa ulere, koma mzere wake ndi woti tsiku lonse lithera pomwepo. Tchalitchi cha St Peter's kulowa ndi ulere bola mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, ine ndinangoponya chitenje m'chikwama ndipo chinandithandiza kwabasi.

Masiku awiri otsalawo ingoyendani wapansi, ndi nsapato zafulati chifukwa misewu yake ndi ya timiyala takuda togumula zidendene. Lowani ku Pantheon, kachisi wakale wa Aroma, amalipiritsa pang'ono, denga lake lili ndi chibowo pakati moti mvula ikamagwa imagwera m'kati momwemo n'kumatsikira m'timabowo ta pansi. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha San Luigi dei Francesi, muli zithunzi zitatu za Caravaggio za moyo wa Mateyu woyera ndipo simulipira. Chija Yesu akuloza Mateyu ali pa tebulo la misonkho, kuwala kukulowera mbali imodzi, ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali misozi ili m'maso.

Madzi musagule ayi. Pali timipopi ta m'misewu totchedwa nasoni, madzi ake ndi abwino ozizira bwino, nyamulani botolo muzingotunga. Mu basi nambala 64 yochoka ku siteshoni yaikulu ya sitima ya Termini kupita ku Vatican chikwama chikhale kutsogolo, opisa m'matumba ndi ambiri.

Tsono zakudya, apa ndi pomwe anthu amalirira. Ulendo woyamba tinakhala pa lesitilanti ina pafupi ndi kasupe wotchuka wa Trevi, ija yokhala ndi munthu pakhomo wokuitanirani, pasta yake yozizira koma bilu inabwera yoti sitinagone nayo tulo. Mukaona menyu ya zithunzi ndi zilankhulo zambirimbiri pitirirani. Khofi imwani choimirira pa kauntala ngati eni dziko, mukakhala pa tebulo mtengo umakwera. Masana gulani pizza al taglio, amadula mulingo womwe mwaloza n'kuyeza pa sikelo, muonjezere supplì, timibulu ta mpunga tokazinga tokhala ndi tchizi m'kati. Madzulo yesani cacio e pepe, ndi pasta ya tchizi ndi tsabola wakuda basi koma kukoma kwake simungamvetse. Carbonara ndi amatriciana amaikamo nkhumba, ngati kwanu simudya funsani kaye.

Koma chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse, pitani ku Testaccio, dera lina la mu Rome momwemo. Kale kunali kophera ng'ombe ndiye anthu ogwira ntchito kumeneko ankatenga zam'kati zomwe olemera sankazifuna, mpaka lero amaphika nthumbwana mu supu ya tomato ndi timasamba tonunkhira, amati trippa alla romana, ndiponso mchira wa ng'ombe wofewa wochoka wokha pa fupa. Nditalawa ndinakumbuka mayi anga. Msika wa kumeneko Lamulungu satsegula ndipo umaweruka masana, ndiye mukafike nthawi ya nkhomaliro isanadutse.