Kuchoka pa mageti a ku Kapata kupita ku sitima za pamadzi

Mphwanga, wafunsa ngati luso lako lowotcherera mageti ndi mafelemu ku Kapata, mu tauni ya Chipata, lingakupezetse ntchito kumene amakonza sitima za pamadzi. Lingathe, koma uyenera kuwonjezerapo. Ine ndinayambira pa ngolo za ng'ombe ku Katete, kenako ndinakawotcherera mabwato a kapenta ku Siavonga.

Geti ikakhala ndi kabowo, umapakapo penti, mwini wake n'kulipira. Pa bwato, kabowo komweko kamalowetsa madzi usiku anthu ali pakati pa nyanja ya Kariba. Sabata yanga yoyamba, kapitawo anapaka choko chosungunula mbali imodzi ya chitsulo, mbali inayo palafini. Tinadikira. Pang'ono ndi pang'ono timadontho tinayamba kutuluka pa choko choyeracho, pamzere womwe ndinawotcherera, umene ndinkaunyadira. Anangondipatsa galayinda osalankhula, ndinachotsa zonse n'kuyambiranso. Kumadoko akuluakulu ngati Durban ndi Walvis Bay amachita kuunika mkati mwa mzere ndi X-ray, kotero kukongola kwa pamwamba sikungakupulumutse.

Choncho leka kudalira rodi ya 6013 yokha. Gula 7018, uyeserere kuwotcherera mokwera, kumene amati 3G, ndiponso chitsulo chili pamwamba pa mutu, 4G, moto ukukugwera m'khosi. Rodi ya 7018 imadana ndi chinyezi. Ikanyowa, mzere umadzang'ambika pambuyo pake, n'chifukwa chake amaisunga mu uvuni. Phunziranso kuwerenga mapulani ndi kugwiriza zitsulo pang'onopang'ono usanawotche mzere wonse, chifukwa chitsulo chikatentha mbali imodzi chimapindika, ndipo wodziwa kuchiwongola ndi amene mabwana samutaya.

Pepala la umboni wa luso lako ndi lofunika. Kalembe mayeso a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, usanyoze.

Usayambe ndi kulota za kutali. Monkey Bay, kumene amakonza sitima za pa nyanja ya Malawi, ili pafupi nafe, kungodutsa pa malire a Mwami. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, n'kuilumikiza ku Monkey Bay komweko, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Doko la Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, nalonso lilipo. Koma munthu akakuuza pa WhatsApp kuti utumize ndalama akupezere malo kunja, umusiye.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mathanki. Usadzayatse moto m'thanki imene munali mafuta asanaitsuke ndi kuyeza mpweya wake, ngakhale kapitawo akukalipire bwanji. Ndipo ukamalowamo, mnzako aime pakhomo mpaka utuluke.