Aphunzitsi, musanasiye choko chifukwa cha mbiri ya a Aleke

Aphunzitsi, mwati mukufuna kusiya ntchito kuti muziyenda ndi bwana wanu wandaleyo chifukwa a Aleke Banda nawonso anayamba ali mwana nkukhalitsa, ndiye mwandigunda pachilonda, ndilemba zambiri mundipirire. Za kuyamba ali mwanazo sindikutsutsa. Mu 1959 ali ndi zaka 20 anali kale mlembi wamkulu wa MCP pomwe ankaiyambitsa ndi a Orton Chirwa, azungu atawathamangitsa ku Southern Rhodesia komwe anakulira, Malawi News ankalemba ndi iwowo, kenako MBC, kenako unduna wa zachuma mu 1969. Enanu mmakomenti mwaonjezera The Nation ya 1993, unduna wa zachuma kachiwiri mu 1994, ulimi ndi sitata paki ija, mpaka u MP wa Nkhata Bay South mu 2004, nkumati eee ndale zimalipira ukapirira. Koma mwadumpha zaka 12 za mndende, kuphatikizapo ya Mikuyu, 1980 mpaka 1992, popanda kuonekera kukhoti, ndipo mwadumphanso 1973 pomwe anachotsedwa koyamba chifukwa nyuzipepala ya ku Zambia inangolemba kuti mwina ndi amene adzalowe mmalo mwa Kamuzu.

Ndipo zomwe zimandiwawa ine si za a Aleke eni akewo ayi, iwo anatuluka nkuimanso. Zimandiwawa ndi za anthu ang'onoang'ono amene anagwa nawo limodzi mu 1980 ndipo palibe anawadzutsa, mmodzi mwa iwo anali bambo anga.

Bambo anali kalaliki wa sitolo ya zipangizo pa esiteti ina ya fodya kuchigawo chapakati, kwathu kwenikweni ndi kunyanja ku Nkhata Bay. Sanali munthu wa mpando uliwonse mchipani, khadi ankagula ngati wina aliyense. Chomwe anali nacho ndi chithunzi chimodzi basi, chakale cha mma 60, akugwirana chanza ndi a Aleke pa msonkhano wa achinyamata, anachiika mu felemu pakhoma pamwamba pa wailesi ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa, amvekere uyu ndi mwana wakwathu. Mu 1973 anachitsitsa nkuchibisa msutikesi, a Aleke atakhululukidwa nkupatsidwa za Press Holdings anachibwezeretsa pakhoma, ndiye mmene nkhani ya 1980 inkamveka anthu onse a pa esiteti ankadziwa kale kuti nyumba ya chithunzi ndi iti.

Anabwera madzulo mvula ikugwa, nthawi yoti fodya akuthyola, tcheyamani wa nthambi ya mdera lathu ndi anyamata ake. Munthu yemweyo ankadya nsima pakhomo pathu, ankabwereka njinga ya bambo, mayi ankamutcha alamu. Sanagogode. Ife tinali titangoyamba kudya, nsima ndi nyemba, ine ndinali mu pulaimale. Analoza pakhoma nkunena kuti mukusunga chigawenga mnyumba ya kampani, bambo anayamba kufotokoza kuti iwo anangomva mphekesera dzulo ndipo anali oti achitsitsa, sanamalize, mnyamata wina wamng'ono msinkhu wa mchimwene wanga wamkulu anawamenya mbama mpaka magalasi anagwera mmbale ya ndiwo. Anawauza achotse okha chithunzicho, aswe okha galasi la felemu ndi mwendo, aching'ambe okha nkuchiponya pambaula ife tikuona, manja akunjenjemera mpaka anadzicheka chala ndi galasi, magazi akudontha pa simenti ndipo palibe analoledwa kuwapatsa kansalu. Kenako katundu panja. Matilesi, mphika uli ndi nsima yomwe ija, thumba la ufa lomwe mayi anali atangobwera nalo kuchigayo linanyowa lonse nkusanduka phala mmatope, makope anga inki yonse inasungunuka. Mayi ali ndi mwana kumbuyo anagwada pamatope paja kumugwira tcheyamaniyo mwendo, alamu tikhululukireni ana awa apita kuti usiku uno, iye anangochotsa mwendo wake nkuuza anyamata akhome loko. Anzathu oyandikana nawo nyumba onse anatseka zitseko nkuzimitsa nyali, ndipo sindiwada, akanatuluka mawa lake zikanakhala pa iwo. Tinagona mchigafa cha fodya, bambo anawatenga usiku womwewo pagalimoto.

Anabwerako patapita miyezi, mano akutsogolo palibe, khutu limodzi losamva, ndipo sanatiuzepo komwe anali mpaka kumwalira kwawo. Ntchito inali itapita, penshoni palibe, kalata ya umboni wa ntchito palibe amene akanayerekeza kuwalembera. Tinabwerera kumudzi, munthu amene ankasunga mabuku a sitolo yonse anayamba kusoka maukonde a anthu ena kuti tipeze usipa. Achemwali anga anasiyira sukulu pomwepo nkukwatiwa ali mwana. Bambo anamwalira a Aleke asanatuluke nkomwe.

Nanga mukudziwa amene anatenga ntchito ya ukalaliki ija? Mphwake wa tcheyamani yemweyo, sabata isanathe. Ndiye musandiuze kuti ankateteza chipani kapena ankakonda Ngwazi, ankafuna mpando wa mwana wa mlongo wake basi, chithunzi chinangokhala pothawira. Ndipo munthu ameneyu, Mulungu andikhululukire, pa riferendamu ya June 1993 ndi amene ankayenda mmidzi kuuza anthu votelani nyali musavotele tambala, 1994 ali mu chikasu kumutu mpaka kuphazi, akuimba nyimbo zotamanda a Aleke omwewo ngati nduna, akuuza anthu kuti ife tinavutika mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Iye kuvutika? Ndinakumana naye pamaliro ena, anandipatsa moni wa manja awiri nkundifunsa kuti bambo ali bwanji, akudziwa bwinobwino kuti anagona kalekale. Sanapepese kwa mayi mpaka lero, ana ake anaphunzira onse, ena ali kunja. Ndikamalemba pano mtima ukuthamanga ngati zachitika dzulo.

A Aleke sindiwaimba mlandu pa za bambo, sankadziwa nkomwe kuti kuli kalaliki wina akuvutikira chithunzi chawo, ndipo ndimawalemekeza, anali munthu wogwira ntchito, mu 2003 a Muluzi atasankha a Bingu iwo anatuluka mu UDF osaopa kuyambiranso pansi, nkukaima ndi a Gwanda Chakuamba mu Mgwirizano, a Gwanda omwenso anamangidwa chaka chomwecho cha 1980 nkutuluka 1993. Komanso tisabise, a Aleke anali mtsogoleri wa achinyamata a chipani ndi apayoniya kumayambiriro kuja, mphamvu yomwe inadzawameza anaimanga nawo. Akuluakulu amenewa akagwa amakhala ndi dzina, mabungwe akunja amawalembera makalata, akatuluka pamakhala chipani chikuwadikira. Wonyamula chikwama alibe zimenezo. Lero kulibe zotsekera andale ku Mikuyu kwa zaka popanda mlandu inde, koma funsani anyamata amene anasiya ntchito nkumatsatira shado MP, ataluza ma pulaimale bwanayo foni anasintha nambala, kapena analumpha kupita chipani china usiku umodzi iwo nkutsala ndi ma tisheti ndi adani mmudzi monse.

Ndiye langizo langa, choko musasiye, malipiro a uphunzitsi ndi ochepa ndikudziwa koma amabwera, ndipo penshoni ndi yanu sibwera ndi chisomo cha munthu. Chithunzi cha bwana aliyense musaike pa profile, chifukwa sikirinishoti siwola, anthu amasunga nkudzakutulutsirani boma likasintha. Komabe sindingakuuzeni kuti muzithawe ndale, chifukwa mukazithawa inu ophunzira mipando yonse itsala ndi anthu ngati tcheyamani uja, ndipo ndimakhulupirira kuti bambo akanakhala ndi udindo weniweni mchipani, odziwika kumtunda, mwina munthu wa panthambi sakanawayerekeza. Ndiye ngati mtima wanu wapita kale, lowani mwamphamvu, khalani pafupi penipeni ndi bwanayo akudziweni dzina ndi nkhope osati kumangovina kumbuyo kwa galimoto yake, akupatseni ntchito yolembedwa papepala ndi siginecha yake, ndipo akazi anu adziwe chilichonse musanasaine. Nyumba yomwe mukukhalayo ngati ndi ya sukulu yambani mwapeza kaye poti ana angagone tsiku lomwe mudzauzidwe kutuluka, ngakhale kachipinda kamodzi kumudzi kofolera ndi udzu. Mukafuna tilankhulane bwino bwerani ku inbox, mayi anga akadali moyo ndipo za usiku umenewo amafotokoza bwino kuposa ine.