Tifunseni: Ana akufuna kukandionetsa zilumba za Bazaruto

FUNSO: Ine ndine mayi wa ku Mufakose kuno ku Harare, koma kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo kusambira ndinayamba ndili kamwana. Ana anga asonkherana ndalama kuti pa Khirisimasi akandionetse zilumba za Bazaruto ku Mozambique, pamodzi ndi adzukulu anga awiri. Iwo akuopa madzi, ine ayi, poti nyanja ndimaidziwa. Tidzere kuti, nanga choopsa chilipo?

YANKHO: Amayi, muli ndi ana abwino, ndipo ulendowo muupite ndithu. Koma mawu oti "nyanja ndimaidziwa" ndi amene andidetsa nkhawa.

Nyanja ya kwathu ija pamene mwaisiya m'mawa mpomwe mumaipeza madzulo. Ya mchere siitero. Madzi ake amaphwa ndi kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwake ku Bazaruto kumafika mamita 3. Pakati pa tawuni ya Vilankulo ndi zilumbazo pali madzi osaya, abata, owala moti mchenga wa pansi mumauona. Akaphwa, pamatuluka zitunda za mchenga woyera zokopa mwana aliyense kuthamangirapo. Vuto ndi loti pobwerera madziwo sabwera chakumaso kokha. Amayamba kudzaza makwawa a kumbuyo kwanu, ndipo pofika pozindikira mumapeza kuti pakati pa inu ndi mtunda pali mtsinje wothamanga. Pampata wa pakati pa chilumba cha Bazaruto ndi cha Benguerra madzi amakoka kwambiri, ngakhale katswiri sayeserapo dala. Choncho m'mawa uliwonse funsani mwini bwato kuti madzi abwerera nthawi yanji, chifukwa nthawiyo imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku ndi tsiku. Adzukuluwo asakwere bwato opanda majekete oyandamitsa, ndipo ngati mwini wake alibe, pezani lina.

Njira yake ndi iyi: Harare mpaka Mutare, makilomita pafupifupi 260, muwoloke malire pa chipata cha Forbes kulowa Machipanda ku Mozambique, kenako Chimoio mpaka Inchope. Apo mukhotere kummwera, muwoloke mtsinje wa Save mpaka Vilankulo. Msewu wa pambuyo pa Inchope ndi wa maenje, ndiye gonani pa Chimoio, musayende usiku. Pasipoti ya Malawi kapena ya Zimbabwe siifuna viza pa ulendo wa masiku ochepa ngati uwu.

Mahotela a pazilumbapo ndi a anthu a matumba olemera. Ine ndikanati mugone ku Vilankulo, m'mawa mukwere bwato la matanga kupita ku Magaruque, chilumba chapafupi, madzulo n'kubwerako. Malowa ndi otetezedwa ndi boma kuyambira 1971, ndipo kuchokera mu 2017 boma likuwasamalira mogwirizana ndi bungwe la African Parks, motero pali ndalama yolowera, ndipo kutola zigoba za nkhono kapena kuthyola matanthwe a pansi pa madzi n'koletsedwa. Mwayi ukakugwerani mudzaona dugong, nyama yofatsa yodya udzu wa pansi pa nyanja, imene kugombe lonse la kummawa kwa Africa kuno yatsala yochulukirapo ku Bazaruto kokha.

Madzi akumwa nyamulani ambiri, poti a nyanjayo samweka, ndipo pamchenga mthunzi ndi wosowa. Kumeneko kuli malungo, pamene ana okulira mu Harare matupi awo sanawazolowere. Pitani kuchipatala musananyamuke akakupatseni mankhwala oteteza, ndipo muzigona m'neti.

Za Khirisimasi ndiye sindikugwirizana nazo. Kumatentha koopsa, mitengo imakwera chifukwa cha alendo a ku South Africa, komanso ndi nyengo yoyandikira anamondwe. Namondwe Favio anasakaza Vilankulo mu February 2007, ndipo Idai anawononga Beira ndi msewu wodzera ku Inchope womwewu mu March 2019. Auzeni anawo asunge ndalamazo mpaka tchuthi cha sukulu cha August, pamene kunja kumakhala kouma ndipo udzudzu umachepa.