Achimwene, Hilux yanuyo ikufuna 5L

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati Hilux yanu ya 1993, ya injini ya 2L, yayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi, ndipo mukasenza mtedza kuchokera ku Katete imachita kukwawa pachitunda cha Manenekela. Tsono wina wakupezerani injini ya Toyota ya 1KZ ya turbo, wina akuti QD32 ya Nissan ndiyo yotsika mtengo. Ine ndikuti zonse ziwirizo zisiyeni, mufunefune injini ya Toyota ya 5L ya pampu wamba, yopanda kompyuta. Njira yoika injini ya Nissan mu Toyota ndinaiyendapo, ndipo inandidyera ndalama ya feteleza ya chaka chathunthu.

Injini za 2L, 3L ndi 5L ndi ana a mimba imodzi. Yanuyo ndi ya 2446 cc, 3L ndi ya 2779 cc, 5L ndi ya 2986 cc, koma kunja thunthu lake n'lofanana. Ndiye kuti 5L imakhala pamiyendo pomwe panakhala 2L, mabawuti a giyabokosi amalowa m'mabowo ake, palibe chowotcherera kapena kudula. Komanso ndi injini yomwe yakhala ikukoka maminibasi a Hiace mu Lusaka muno zaka zambirimbiri, choncho makaniko wa ku Matero amaidziwa, wa ku Petauke amaidziwanso. Ikakufererani ku Nyimba usiku, m'mawa gasiketi mwaipeza. Kwa munthu amene galimoto yake ndi khasu lake, mfundo imeneyi njolemera kuposa liwiro.

Sindikunyoza 1KZ. Mphamvu ili nazo zedi, 2982 cc kuphatikiza turbo, ndipo pachitunda 5L siingaione n'komwe. Vuto ndi zimene imabwera nazo. Siigwirana ndi giyabokosi yanu, ndiye mugulanso giyabokosi yake, mwinanso kudulitsa propshaft. Zambiri zimene zikugulitsidwa ndi 1KZ-TE, zimene pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta, ndipo mukaigula yopanda kompyuta ndi mawaya ake onse mwagula chitsulo chabe. Chachikulu n'chakuti hedi yake ndi ya aluminiyamu, ikatentha kwambiri kamodzi kokha imatha kung'aluka. Ganizirani radiyeta yanu yakaleyo, mwezi wa Okutobala, katundu tho kumbuyo, mukukwera kuchoka pa mlatho wa Luangwa. Hedi imeneyo siifika ku Rufunsa. Injini zatsopano za Toyota za D-4D, 1KD ndi 2KD zija, musaziganizire n'komwe pa galimoto ya zaka zimenezi.

QD32 ndi injini yabwino, ya 3153 cc, ndipo timing yake imayendera magiya, palibe lamba woduka. Mukanakhala ndi Nissan Hardbody ndikanati gulani lero. Koma kuilowetsa mu Toyota kumafuna mbale yachitsulo yolumikiza injini ndi giyabokosi, ndipo apa ndi pamene ine ndinapsa. Ndinaika TD27, m'bale wake wa QD32, mu Hilux yanga yoyamba. Amene anadula mbaleyo anaphonya pakati pang'ono chabe, moti ndi maso simukanaona. Galimoto inkayenda, inde, koma kilatchi inkatha miyezi ingapo iliyonse, magiya ankalira polowa, mpaka shafiti ya giyabokosi inadyeka. Ndinasintha kilatchi katatu ndisanazindikire kuti matenda ali pa mbale. Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa pogula injini yotchipa inathera komweko, n'kuwonjezerapo ina. Ndipo zina mwa injini zimenezi zimachokera m'timalole ta 24V, pamene yanu ndi ya 12V, ndiye sitata, olitaneta ndi ma glow plug zonse n'zosintha.

Tsono mukapita kokagula, tengani makaniko wanu, osati amene wogulitsa akulozereni. Poyamba yang'anani pampu. Pali 5L wamba ndi 5L-E. Ya E ndi ya kompyuta, pampu yake imakhala ndi mapulagi a mawaya ambiri. Inu mukufuna ija yokokedwa ndi kebulo, ya kawaya kozimitsira injini. Fikani m'mawa, gwirani injini ndi dzanja muone ngati ili yozizira, chifukwa ena amayamba aitenthetsa inu musanafike kuti ilire msanga. Ikalira, tsegulani chivundikiro cha oyilo: ikamapuma utsi wambiri pamenepo, maring'i atha. Akakuikirani madzi, onani ngati akutuluka thovu. Ndipo umirirani kuti ayeze compression; silinda iliyonse isatsike pa 20 bar, ndipo zinayizo zisasiyane kuposa 5. Wogulitsa akakana kuyeza, tsanzikani mwaulemu, mashopu ndi ambiri m'tauni. Mawu oti "yangofika kumene kuchokera ku Japan" aliyense amanena, ngakhale injini itachotsedwa mu minibasi ya ku Chawama n'kutsukidwa ndi palafini.

Injini yakale musaigulitse ntchito isanathe, chonde. 5L zambiri zimachokera mu Hiace, ndipo sampu yake, paipi yokokera oyilo, dipisitiki ndi ma manifold sizikhala momwe zimakhalira mu Hilux. Ngati yanu ndi 4x4, sampu yolakwika imagunda difu yakutsogolo. Zonsezi mumasula pa 2L yanu n'kumanga pa yatsopanoyo. Injini idakali pansi, ikani lamba wa timing watsopano ndi tensioner yake, musamve zoti akadali bwino. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000 ndipo akaduka ma valve amagundana ndi mapisitoni. Ikaninso pampu ya madzi, thermostat, siilo yakumbuyo kwa crankshaft ndi kilatchi. Thermostat ija amakaniko athu amakonda kuitaya, akuti kuno n'kotentha. Musalole. Radiyeta ikatsukidwe bwino kapena mugule ina, ndipo onetsetsani kuti kapampu ka vacuum kali kumbuyo kwa olitaneta kakugwira, chifukwa mabuleki anu amadalira komweko.

Ndikuuzeninso zoona, 5L si kavalo. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imapereweredwa. Kusintha mudzakumva, makamaka ponyamuka ndi katundu, koma pa Manenekela mudzatsitsabe giya. Makilomita 570 a ku Chipata mudzawamaliza mochedwerapo kuposa wa 1KZ, koma mudzabwerako.

Mapepala musawazengereze. Lisiti ikhale ndi nambala ya injini, ndipo nambalayo muiwerenge nokha pa thunthu musanapereke ndalama. Funsani makalata a ZRA, bungwe la misonkho, osonyeza kuti inalowa m'dziko mwalamulo. Mukatero pitani kupolisi akaitsimikize kuti si yobedwa, kenako ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, akaione ndi kusintha nambala mu white book. A inshulansi muwadziwitsenso. Nambala ikasiyana ndi ya m'buku, mudzavutika pa fitness, pa rodibuloko, ngakhale tsiku limene mudzafune kugulitsa galimotoyo.

Mukaipeza 5L imene mtima wanu wakhazikika nayo, jambulani pampu, sampu ndi nambala ya injini, mutumize muno musanalipire. Ndiziona, ndipo ngati ndi Loweruka ndikhoza kukuperekezani ndi geji yanga ya compression.