Lantana wa mumphika wayoyoka masamba: kodi adzaphukanso?

Sabata yatha mayi wina wa ku Luchenza adanditumizira imelo. Akuti: "Ndili ndi lantana wa maluwa achikasu ndi ofiira mumphika pakhonde. Chiyambire Juni masamba akungoyoyoka, maluwa adatha, kwatsala timitengo tokhatokha. Ndawerenga pa intaneti kuti nyengo yozizira amafa ukapanda kumulowetsa m'nyumba. Kodi adzaphukanso kukayamba kutentha, kapena ndingomutaya?"

Musamutaye, mayi. Choyamba tengani nthambi imodzi muipale pang'ono ndi chikhadabo. Mukaona kubiriwira pansi pa khungwa, duwa lanu lili moyo, langopuma. Ikakhala youma yothyoka thyo, tsikani mupale kufupi ndi tsinde, chifukwa nthawi zambiri nsonga zimauma koma pansi pali pabwinobwino.

Zomwe mudawerengazo adalembera anthu a kumaiko ngati Canada ndi Germany, kumene madzi amaundana mumphika mpaka mizu kufa. Lantana kwawo ndi kumadera otentha a ku Central ndi South America, ndipo masamba ake amapserera kuzizira kukafika pa madigiri 0. Kuno chisanu chotere mungachipeze pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya kapena ku Chambe, kumene udzu umadzuka utayera m'mawa wa Julayi. Pakhonde la ku Luchenza, Chitakale kapena Thyolo boma kumazizira ndithu mpaka kuvala majuzi awiri, koma kuzizira kwake kumangomuchititsa lantana kuleka kukula ndi kutaya masamba ena.

Chomwe ine ndimaopa ndi madzi. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, timatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaliona, kamvula kakuwaza usana ndi usiku. Dothi la mumphika limanyowa osauma. Kenaka mwini duwa, poona masamba akugwa, amaganiza kuti ndi ludzu, nkuwonjezera kapu ina ya madzi. Chomera chopanda masamba sichimwa madzi ambiri, choncho mizu imangokhala m'matope ozizira nkuyamba kuwola. Ineyo ndidatayapo lantana wofiirira motere chaka china, ndikuthirira m'mawa uliwonse chifukwa chomumvera chisoni. Nditamuzula, mizu inali yakuda, yoterera, ikununkha. Zidandiwawa, popeza ndidamupha ndekha ndi chikondi chomwecho.

Ndiye pisani chala m'dothi mpaka pakati pake. Ngati muli chinyezi, musathirire, ngakhale patapita sabata ndi theka. Suzumirani pansi pa mphika muone ngati timabowo totulutsa madzi sitidatsekeke, ndipo ngati mudaika mbale pansi pake, ichotseni. Khazikani mphikawo pa njerwa ziwiri. Muusunthire pomwe denga likuuteteza ku mvula koma dzuwa likufika, makamaka khoma loyang'ana kumpoto, chifukwa miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo khomalo limasunga kutentha mpaka usiku. M'nyumba musamulowetse. Lantana amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku. Pabalaza amangotuwa, nkugwidwa ndi tintchentche toyera tija timabisala kunsi kwa masamba. Feteleza dikirani kaye.

Kumapeto kwa Ogasiti, mphepo yozizira ikayamba kuchepa, duleni. Apa ambiri manja amawalemera, koma musaope: siyani nthambi zotalika masentimita 15 kapena 20 basi. Maluwa a lantana amatuluka pa mphukira zatsopano, ndiye mukamusiya ndi nthambi zakale amangotalika, maluwa ali apo ndi apo. Valani magolovesi, masamba ake amayabwa ndipo mitundu ina ili ndi timinga. Ngati wakhala mumphika womwewo zaka ziwiri, mutulutseni, muchepetse mizu yomwe yazungulira m'mbali, muike dothi latsopano losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana pang'ono. Manyowa akachuluka mudzakolola masamba okhaokha. Seputembala akamatha mudzaona timaso tobiriwira, ndipo m'kutentha kwa Okutobala agulugufe adzakhala atabwerera pakhonde panu.

Pali china chomwe simudafunse, mayi, koma sindingachisiye. Lantana camara, lomwe ndi dzina la sayansi la duwali, ali pa mndandanda wa zamoyo 100 zofalikira ndi kulanda malo moipitsitsa padziko lonse, womwe adaukonza akatswiri a bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN. Ku South Africa malamulo amaletsa kumudzala ndi kumugulitsa. Kuno simufunika kupita kutali kuti mumvetse chifukwa chake: yang'anani m'mbali mwa misewu, m'malire mwa minda ya tiyi ndi m'mphepete mwa mitsinje, muone zitsamba zoyangana zomwe munthu sangadutsemo, pansi pake popanda udzu kapena kamtengo kena komera. Apumbwa ndi mbalame zina zimadya tizipatso take takuda tija nkukataya njere kutali. Duwa limodzi la pakhonde likhoza kudzala tchire kumunda kwa mnansi wanu inu osadziwa.

Komanso ali ndi poizoni. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa ikadya masamba ambiri, chiwindi chimaonongeka, maso amasanduka achikasu, khungu la pamphuno ndi malo oyera limasupuka ikakhala padzuwa, mwinanso kufa kumene. Kuno ku Thyolo, komwe mabanja ambiri a ku Bvumbwe ndi madera ozungulira amadalira ng'ombe imodzi yamkaka yodyera m'khola, nkhani imeneyi ndi yaikulu. Womweta udzu akasakaniza lantana mumtolo, banja limalira. Ana nawonso asatole tizipatso take, makamaka tosapsa tobiriwira.

Choncho musungeni mumphika momwemo, osamuokera pansi kapena kumpanda. Maluwa akangofota, budulani mitu yake isanabereke. Mukatero amachita maluwa ambiri kuposa kale. Nthambi zomwe mudzadule mu Ogasiti musaziponye kudzala kapena kuseri kwa khola, chifukwa zikagona pa dothi lonyowa zimatha kumera mizu. Ziyanikeni pa simenti kapena pa lata mpaka ziume gwa, kenaka muzitenthe.