Mwana akufuna kudzaphunzira za zomera: kodi muli ntchito m'menemo?

Mayi wina wa ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg, walemba kuti mwana wawo wamkazi wa mu Grade 9 anapita ndi sukulu ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, ndipo chibwerereni akungonena kuti akufuna kudzaphunzira za zomera. "Ife tinachoka ku Ntcheu kuthawa khasu, iye akufuna kubwerera kumasamba. Ndimuuze chiyani?"

Mayi, musamugwetse mphwayi. Maphunziro amenewa si osilira maluwa. Akatswiri ake amayeza thupi la chomera: kukhuthala kwa tsamba, kulemera kwa njere, kuzama kwa mizu, kuchindikala kwa khungwa. Akatero amatha kuneneratu chimene chomeracho chidzachite chikakumana ndi chilala, chisanu kapena moto. Cha masamba opyapyala chimakula msanga mvula ikagwa, koma dzuwa likaomba chimafota msanganso. Cha masamba olimba chimakula pang'onopang'ono, koma chimapirira.

Zina mwa izi inuyo mumazidziwa kale. Msangu umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina ikubiriwira, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake: dzuwa limafika, ndipo masamba oyoyokawo amasanduka manyowa. M'chilimwe umaphukanso chifukwa mizu yake imafika pamadzi akuya. Mkungudza wa pa Mulanje ukapsa suphukiranso pachitsa, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zikuvutitsa ntchito youbwezeretsa paphiripo.

Kuno ku Johannesburg nkhaniyi imandisangalatsa kwambiri. Mzindawu uli pamtunda wopitirira mamita 1,700. Mu June ndi July kumagwa chisanu, udzu ukauma moto n'kudutsa. Mitengo yambiri imene mumaiona m'misewu ndi yodzala anthu. Jacaranda anachokera ku South America. Zomera zenizeni za kuno zinapulumuka pobisala pansi. M'zitunda za miyala zozungulira mzindawu muli kachomera kotchedwa Parinari capensis, m'bale wake wa muula uja timatola maula kwathu. Pamwamba mumangoona timasamba tosafika ndi m'bondo momwe, koma thunthu ndi nthambi zake zili m'nthaka, zoyala patali. Moto ukadutsa, pakangopita masabata ochepa kaphukanso. Amene sadziwa izi amangoti ndi tchire wamba, n'kulola kuti thirakitala igumule chomera chimene sichingabwererenso m'moyo wa munthu mmodzi.

Ntchito zimachokera pomwepa. Lamulo la zachilengedwe la dziko lino, la 1998, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu monga migodi ndi misewu zisanayambe, malowo aunikidwe kaye, ndipo za zomera amaunika ndi katswiri wake. Milu ya mchenga wa migodi ya golide imene mumaiona cha ku Soweto imafuna munthu wodziwa udzu umene ungamere pa dothi la asidi n'kugwira fumbi. Pulogalamu ya boma ya Working for Water, yomwe inayamba mu 1995, imalimbana ndi mitengo yachilendo yomwa madzi ambiri ngati black wattle wa ku Australia, amene njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri n'kumera mwaunyinji moto ukadutsa. Palinso SANBI, bungwe la boma loona za zomera ndi zamoyo zina, limene limayang'anira munda umene mwana wanu anakaonawo, makampani a mbewu ndi a nkhalango. Akadzafuna kubwerera kumudzi, ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens ndi Forestry Research Institute of Malawi.

Sindikubisirani, malo a ntchito si ochuluka ngati a unamwino, ndipo digiri ya zaka 3 payokha kawirikawiri siikwana. Pamafunika chaka china cha Honours, kenako kulembetsa ku SACNASP, bungwe lovomereza akatswiri a sayansi ya zachilengedwe. Ku Wits amaphunzira izi ku School of Animal, Plant and Environmental Sciences, ndipo University of Johannesburg ili ndi dipatimenti ya zomera.

Chimene ndikufuna muchite chaka chino n'chimodzi. Posankha maphunziro a Grade 10, atenge Mathematics, osati Mathematical Literacy. Ana ambiri a kwathu amalangizidwa kutenga yosavutayo kuti adzakhoze matric, n'kudzazindikira mochedwa kuti digiri ya sayansi siiwalandira. Zimandiwawa nthawi zonse, chifukwa kubwerera kumakhala kovuta. Masamuwo sadzathera pakhomo lolowera: woyeza masamba mazanamazana amathera nthawi yaitali pa kompyuta kusanthula manambala. Awonjezere Life Sciences ndi Physical Sciences. Ndi zitatuzi, ngakhale atadzasintha maganizo n'kufuna za chipatala, sanataye kanthu.

Yang'ananinso mapepala ake panopa. Mwana wophunzira ndi study visa sapeza thandizo la NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira a ku yunivesite, choncho fizi muyambe kuikonzekera msanga. Pakadali pano, mupite naye ku Melville Koppies, zitunda zotetezedwa za mu Johannesburg momwemu, tsiku limene amatsegulira alendo, makamaka mu September kapena October, malo amene anapsa akayamba kuphuka. Atenge kope, azilemba chomera chilichonse chimene chatuluka paphulusa, ndipo afunse otsogolera alendo kuti chili ndi chiyani pansi pa nthaka.